Kugula Masiku

Pa Lizulu malire ndi phula.
Tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambiki,
ndipo mbuzi za a Nangwenya zimadya mmawa kuno,
masana n'kukabzikula m'dziko la eni,
popanda wozifunsa chiphaso.

Ine ndinakulira pomwepa.
Ndinkadumpha msewu kukagula mchere kwa Arimando,
phazi ili kwathu, linzake kunja.
Sindinkadziwa kuti dziko limatsekedwa ngati golosale
mpaka tsiku lomwe ndinakwera basi ya ku Joni,
mphepo ya pa boda ya Dedza ikulasa m'makutu.

Pa mlatho wa Limpopo anandipatsa masiku makumi atatu.
Mayi wa pawindo sanandiyang'ane n'komwe,
anangoti chidindo phwa!
Makumi atatu,
ngati munthu angafolere nyumba ya malata ndi mwezi umodzi.

Ntchito ndinaipeza, yowotcherera mageti.
Bwana anati, manja ako ndi abwino, nanga pemiti?
Ku ofesi anati, pemiti imafuna kalata ya bwana.
Bwana anati, kalata imafuna pemiti.
Ku ofesi anati, yamba wasonyeza
kuti m'dziko lonseli mulibe mwini nthaka
wodziwa kulumikiza zitsulo ziwiri,
ukatero ubwerere kwanu, ukapemphere kumeneko.
Ndinayima pamzere kuyambira tambala woyamba
mpaka mlonda anatseka chitseko
ndikuona nambala yanga ili m'manja.

Ndiye tinkagula masiku.
Mwezi ukamatha, pasipoti kwa Jabesi kondakitala,
marandi atapindidwa pakati ngati ndiwo za m'thumba.
Pasipoti yanga inkatuluka, inkalowa,
ine ndili phee, nkhope m'chigoba, moto uli thethethe.
Inaona Limpopo kakhumi ndi kawiri,
mwini wake kamodzi kokha.
Kenako Jabesi anamuchotsa ntchito.

Kodi munakhalapo ndi masiku otha?
Dzuwa limatuluka ndithu, koma si lako.
Galimoto yoyera ikayima pakona, bondo limagwedera.
Dzino likawawa umangotafuna mchere.
Malipiro akaperewera umathokoza,
ukadandaula kwa yani
iwe amene pepala likuti unachoka kale?

Foni inalira Lachinayi usiku.
Mlongo wanga Esinati sanazungulire:
achimwene, bambo atisiya.

Pawindo lomwe lija, wina anawerenga ndi chala,
masiku mazana awiri ndi khumi ndi anayi
amene ndinadya osandigawira.
Ndinati, bwana, ndi maliro.
Iye anati, maliro alibe bokosi lake pa fomu.
Chidindo phwa! Zaka zisanu.
Ndipo analemba mawu amene mnzanga wa pampando
anandimasulira titadutsa Tete:
wosafunika.

Ndinafika atasesa kale.
Nkhata zinali zitayamba kufota pamtumbira.
Makina anga owotcherera ali pansi pa bedi la Sitivini,
ngati sanagulitse.
Geti lomaliza ndinalisiya lopanda mahinjesi.

Lero ndimaunjika kachewere m'ndowa pa Lizulu,
wamkulu pamwamba, mukudziwa kale.
Dzulo mwana wa a Chagunda anandipeza,
pasipoti yatsopano ikununkhira m'thumba la shati.
Akuti, a Lufeyo, njira yake ndi yotani?
Ndinamuuza zonse, za mzere, za kalata, za windo.
Ndinati, usamwe madzi ambiri m'basi,
ndipo tsiku limene akulembere ulisunge ngati dzina lako.
Zoti asapite sindinanene.
Ndikanayamba bwanji, feteleza atafika pamene wafikapa?

Chatsala chaka chimodzi ndi miyezi itatu.
Sindiwerenga, amawerenga ndi mkazi wanga.

Basi ya Lachiwiri ikadutsa, ngolo yake ili lende ndi mafiriji,
ndimatembenuka n'kumakonza ndowa.
Mbuzi ija imadikira fumbi lithe,
kenako imawoloka pang'onopang'ono,
n'kuyima pakati penipeni pa mzere woyera,
n'kudzikanda.